Tsiku Limene Apongozi Anaima Patali

Chinali chaka cha 1934, ndipo ine ndinali ndi zaka makumi awiri ndi zisanu ndi ziwiri. Ndinali ndi mkazi, ana awiri, ndi Sitandade 3 ya kumishoni. Pamudzi pathu panalibe wina wowerenga ndi kulemba kuposa ine, ndipo zimenezo sindinkabisa.

Mudziwo tinkautcha pachilumba. Wina asaganize za nyanja. Mtsinje wotsika kuphiri unkagawika pawiri pamwala waukulu n'kukakumananso kumunsi, ndipo pakati pakepo panatsala nthaka yokwana mudzi umodzi ndi minda yake. Tsidya ili tiyi, tsidya linalo tiyi. Ukakwera pamwala uja unkaona dziko lonse lili see, ngati wina walimeta ndi lumo, pakati pake pali ife ndi nthochi zathu zoyangayanga.

Makolo a mkazi wanga ndiwo anayamba kukhalapo. Anachokera kwa Apwitikizi pothawa chikoti, atasenza miphika ndi mbewu ya nandolo. Mzungu wa esiteti anawalozera pamenepo chifukwa panali matope ndi udzudzu, ndipo kwa iye panalibe ntchito. Malipiro ake anali thangata: kumugwirira m'tiyi nthawi yadzinja, nthawi yomweyo imene munda wako ukulira khasu. Iwo sanadandaule. Anakumba ngalande, anadzala nthochi, mzimbe ndi chinangwa, ndipo pofika nthawi yanga matope aja anali dimba losauma chaka chonse. Ine ndinabwerapo ngati mkamwini. Munda unali wa mkazi wanga, nyumba ndinamanga pabwalo la amayi ake. Ndimo timakhalira kuno.

Chaka chimenecho paesiteti panabwera mzungu wina watsopano. Anayenda m'mbali mwa mtsinje, anaona madzi, anaona nthaka yakuda, ndipo anati pamenepa m'pabwino kuikapo nazale ya tiyi. Ife tisamukire kuphiri, cha kumbali ya Masambanjati, kumene khasu limalira ukaligwetsa pansi.

Nthawi yomweyo boma linali litayamba zamakhonsolo. Mfumu yaikulu inapatsidwa bwalo lokhala ndi aphungu, ndipo kunamveka kuti anthu okhala m'maesiteti nawonso atumizeko munthu wowalankhulira. Ife a pachilumba tinauzidwa kuti tisankhe mmodzi, ndipo nkhani ya kusamukayo idzamveka kudzera pakamwa pake. Akakati anthu avomera, zatha. Akakati akana, mlandu ukwera kuboma. Sindikunena kuti mzungu akanagonja. Koma mlandu wokwera kuboma unkayenda ngati nkhono, ndipo munthu umakolola kangapo ukudikira.

Mawu oti chipani sitinkawadziwa, koma zipani tinali nazo ziwiri. Ena tinali a Belu, ena a Ng'oma. A Belu tinkapemphera m'kachisi waudzu kumtunda kwa chilumba, ndipo belu lathu linali khasu lakutha lopachika pamtengo. A Ng'oma ankavina tchopa kumunsi, ankavinira ana awo, ndipo ankati Mulungu wa azungu amadya chakudya Lamulungu lokha. Kale mayinawa anali ongosekerana pokolola. Nkhani ya nazale itabwera, anasanduka mipanda.

A Belu anaimika ine. Tinkati tikane.

A Ng'oma anaimika alamu anga, achimwene ake enieni a mkazi wanga. Anali kapitao wa anthu othyola tiyi, munthu wamtali, woseka msanga, wodziwa kunyengerera. Sanali chitsiru, ndipo sindidzawatcha chitsiru. Ankati ife ndife alendo m'dziko lino, tinathawa kale kamodzi, ndipo munthu wothawa sakangana ndi mwini khomo. Ankati mzungu walonjeza kuchepetsa thangata kwa amene asamuke mwamtendere, koma wokana adzachoka ndi mphasa yokha. Ambiri ankawamvera, makamaka amene misana yawo inkakumbukira chikoti.

Miyezi imeneyo mudzi unaipa. Akazi a Belu ankatunga madzi kumtsinje wakuvuma, a Ng'oma wakuzambwe, ngakhale madziwo anali amodzi. Munthu sankabwerekanso mtondo kwa mnzake. Alamu anafulula mowa kawiri, anagawa mchere. Ine ndinalibe chogawa. Ndinkangoyenda khomo ndi khomo kufunsa anthu ngati anaonapo nthochi ikumera pamwala. Anyamata a Ng'oma anandipekera nyimbo yoti tambala wobwereka salira pamudzi pa eni. Ankaiyimba ndikamadutsa. Sindinatembenukepo.

Tikakumana ndi alamu m'mizere ya tiyi tinkapatsanabe moni. Ankandifunsa ngati ndayamba kale kuphunzira kukhala pampando, poti kukhonsolo sakhala pansi. Ndinkawayankha kuti ndiphunzira tsiku limene iwo adzaphunzire kukana kanthu kwa mzungu. Ankaseka, ine ayi.

Tsopano ndinene za apongozi anga, amayi a mkazi wanga, chifukwa nkhani yonse yagona pa iwo.

Zaka zonse zimene ndinakhala pabwalo lawo, nkhope yawo sindinaiyang'anepo. Ndiwo mwambo wake. Mkamwini ndi apongozi aakazi sayang'anana, sayandikana, salankhulana. Mukaonana patali panjira, mmodzi amapatukira kutchire mpaka mnzake adutse. Mawu amadzera mwa mkazi wako kapena mwa mwana. Ana a masiku ano amati chinali chidani. Sadziwa kanthu. Unali ulemu wolemera kuposa wogwadirana. Ndinkawadziwa ndi chifuwa chawo cham'mawa, ndi kalilidwe ka munsi wawo, ndiponso ndi kalongonda amene ankanditumizira. Kalongonda amafuna tsiku lathunthu pamoto ndi kutaya madzi kambirimbiri. Munthu samuphikira amene sakumufuna.

Ndipo apongozi sakhala mmodzi. Abale awo onse aakazi, akulu ndi ang'ono, obadwa nawo ndi a kwa amayi ena, onsewo anali apongozi anga, ndipo onsewo tinkathawana chimodzimodzi.

Amayi a mkazi wangawo anali a Ng'oma enieni. M'kachisi sanapondemo. Ndiwo ankalangiza atsikana pachinamwali. Aliyense ankadziwa kuti adzakhala kumbali ya mwana wawo. Koma kumunsi kwa chilumba, pamene mitsinje iwiri ija imakumana, kunali nkhalango ya manda. Mmenemo munagona amayi awo, amene apongoziwo anawabereka kumsana powoloka kuchokera kwa Apwitikizi, ndi ana awo atatu amene anamwalira ali aang'ono.

Tsiku lina masana mkazi wanga anabwera kudimba kumene ndinkapalira mzimbe. Anakhala pansi, nati amayi andituma. Akuti muwauze bambo a ana kuti ine mafupa a amayi anga sindiwasiyira nazale. Ine ndi abale anga tonse tili kwa iwo. Mwana wanga ndi wanga, koma pankhaniyi wasokera.

Ndinaimika khasu. Ndinadziwa kuti ndapambana, chifukwa mbali ziwirizi zinali pafupifupi zofanana, ndipo amayi amenewa akapendekera kwina, mudzi umapendekera komweko.

Ulipo mwambo wothetsa manyazi a mkamwini ndi apongozi. Pamafunika nkhuku ndi nsalu, akuluakulu n'kukukhazikani pamphasa imodzi. Koma umachitika ana akasinkhuka, ndipo oyambitsa ndi apongozi, osati mkamwini. Palibe anaona chifukwa chothamangira. Tonse tinkadziwa mmene munthu amasankhidwira. Anthu amakhala pansi, amuna uku, akazi uko. Amalankhula mpaka dzuwa kupendeka. Kenako amayi aakulu amatuma munthu kuti akanene mawu awo pabwalo, ndipo mawuwo akamveka nkhani yatha. Panjira imeneyi apongozi akanatha kundiika pampando ali chikhalire kuseri kwa nkhokwe.

Ndinapita ku Masambanjati kukasoketsa jekete kwa telala wina wachisilamu amene ankakhala pakhonde la sitolo. Pondiyeza mapewa anandifunsa ngati ndikudziwa mmene azungu amasankhira munthu. Ndinati kusankha ndi kusankha. Iye anati anaonapo ku Limbe, azungu samvera mawu, amawerenga mitu ngati mbuzi zolowa m'khola. Ndinamuuza kuti asamale msoko, zapamudzi azisiye kwa eni.

Tsikulo kunacha ndi chiperoni. Kamvula kosalekeza, mphepo yolowa m'mafupa, phiri losaoneka. Tinasonkhana pabwalo lapakati, pamene panali mtengo waukulu wa mbawa chakumbali. Kunabwera mzungu wa kuboma, mnyamata ndithu, ndi kalaliki wake wochokera kumpoto, ndi mesenjala. Mzungu wa esiteti sanawoloke. Anaima tsidya lija atavala chikhoti chamvula, akuyang'ana.

Tinayamba kukhala pansi monga mwa nthawi zonse, koma mesenjala anatiimitsa. Kalaliki anati bwana alibe nthawi ya milandu, ndipo kunyowa sakufuna. Anthu awiri opikisanawo aime kutsogolo, motalikirana. Aliyense akaime pamzere kumbuyo kwa amene akumufuna, moyandikana, dzanja paphewa la mnzake, kuti kuwerenga kusavute. Anawonjeza kuti bwana akudziwa bwino mwambo wa kuno, kuti minda ndi ya akazi, choncho akazi nawonso aime. Mzunguyo anagwedeza mutu monyadira. Ankadziwa theka la mwambo, ndipo theka ndi loopsa kuposa kusadziwa.

Ndinaima nditavala jekete yanga yatsopano. Ndinamva anthu akubwera kumbuyo kwanga, mapazi akuphwanya matope. Dzanja loyamba paphewa langa linali la mkazi wanga. Ndinayang'ana kumbali ndipo ndinaona mzere wa alamu ukukula. Kenako ndinaona nsalu zakuda pansi pa mbawa uja. Maso ndinabweza msanga, koma ndinali nditadziwa. Apongozi ndi abale awo anali ataima pamenepo, atafunda kumutu, atatembenukira kumtsinje.

Anali asanu ndi awiri.

Mkazi wanga anachotsa dzanja nathamangira kumeneko. Anakhalitsa. Pobwera anandinong'oneza kuti amayi akuti sangathe. Akuti ndikaime kumbuyo kwa mkamwini, ndiziona khosi lake, anthu onsewa akupenya? Akuti muuzeni wolembayo atiwerengere pompano, ndife ake.

Ndinamuitana kalaliki ndipo ndinamufotokozera, m'Chinyanja, kenako m'Chingerezi changa cha Sitandade 3 kuti mzungu amve yekha. Ndinati amayi awo ali kumbali yanga, koma mwambo suwalola kundiyandikira. Akaime ngakhale kumapeto kwa mzere, anatero kalaliki. Mkazi wanga anapitanso. Yankho linali lomwelo: mzerewo ndi wa mkamwini, mutu wake ndi iyeyo, ndipo kugwira phewa la munthu wogwira phewa lake n'chimodzimodzi kumugwira iye. Kalaliki anaseka pang'ono. Kwawo zoterezi kulibe. Anati lamulo ndi mzere, woima pansi pa mtengo wasankha mtengo.

Mzungu wa kuboma anafunsa chimene chikuchedwetsa. Atauzidwa, anati ngati amayiwo akumufunadi munthuyu, iye awaitane yekha, abwere. Anapukuta madzi pachipewa chake n'kuyang'ana wotchi.

Apa alamu analankhula, mokweza kuti mizere yonse imve.

"Alamu, mwamva bwana. Aitaneni. Si inu a Belu, amene munasiya zachikunja? Tchulani dzina lawo, abwera."

Anthu a kumzere wawo anaseka. Ena a kumzere wanga anayamba kundikankha ndi mawu. Mkulu wina wa mpingo, amene anaima pafupi, anati ndiitane basi, Mulungu akhululuka, manyazi sadzalidwa m'munda.

Ndinaganiza. Asanene munthu kuti sindinaganize. Ndikanafuula, mwina akanabwera, chifukwa cha mafupa a amayi awo. Akanayenda pabwalo lonselo pamaso pa ana amene anawalangiza okha, ataitanidwa ngati kamtsikana ndi mwamuna wa mwana wawo, mzungu akuonerera. Akanafika, koma sakanakhalanso munthu amene mawu ake amatseka nkhani. Ndipo mwina sakanabwera, ine n'kukhala nditawavula pachabe.

"Alamu," ndinatero, "amenewo ndi amayi anu. Ine ndinaleredwa."

Alamu anasiya kuseka. Kenako anatembenukira kumtengo kuja.

"Amayi, bwerani kuno tsono. Kuno kulibe manyazi. Ndine mwana wanu."

Pansi pa mbawa palibe anasuntha. Ndinamva chifuwa chija ndinkachimva m'mawa uliwonse, kamodzi, basi. Alamu anaitananso. Palibe ngakhale anatembenuka.

Kalaliki anawerenga, akugunda mutu uliwonse ndi pensulo. Anawerenga kawiri. Alamu anandiposa ndi anthu anayi.

Mzungu wa kuboma anawagwira chanza nawafunira mafuno abwino. Anandigwiranso ine, nati ndachita bwino kuvomereza. Sindinavomereze kanthu. Tsidya lija mzungu wa esiteti anali atachoka kale.

A Ng'oma sanavine tsiku limenelo. Ng'oma zinali zitawambidwa kale pamoto, koma palibe anazigwira. Aliyense anaona chimene chinachitika, ndipo aliyense ankadziwa kuwonkhetsa zisanu ndi ziwiri. Ena mwa iwo anabwera kwa ine mawa lake kudzati tipite kwa mfumu yaikulu tikafotokoze. Tinapita. Mfumu inatimvera bwino, inapukusa mutu, ndipo inati zimene mzungu wawerenga ndi pensulo iyo singazifufute ndi malovu.

Alamu anakakhala pampando wawo kukhonsolo ndipo anakanena kuti anthu a pachilumba avomera. Tinapatsidwa mpaka mvula yoyamba. Tinasasula madenga, tinasenza nsichi ndi nkhokwe pamutu, tikuwoloka pamtengo umene unali mlatho wathu. Akazi anakumba ana a nthochi kuti akayese kuphiri. Tisanamalize n'komwe, anthu a esiteti analowa ndi zikwanje. Ena mwa odulawo anali a pachilumba pomwepo, akugwira thangata lawo, ndipo kapitao wowayang'anira anali alamu. Ine anandiika gulu lodula mzimbe. Ndinadula dimba la mkazi wanga ndi dzanja langa, ndipo ndinadula bwino, chifukwa ntchito sindinaigwirepo mwaulesi.

Manda sanawalime. Anasiya kankhalango pakati pa nazale, koma kuti ulowemo unkayenera kupempha kwa mlonda, ndipo maliro atsopano analetsa. Thangata anachepetsadi dzinja limodzi. Dzinja lotsatira mzungu uja anasamutsidwira kuesiteti ina, ndipo wobwera m'malo mwake anati za lonjezo sakuzidziwa. Khonsolo nayo inasiya kuitana anthu a m'maesiteti. Alamu anabwerera kumizere ya tiyi, ndipo kuseka kuja kunawathera.

Kuphiri kunalibenso a Belu kapena a Ng'oma. Khasu lathu lija tinalipachika pamtengo wina, koma anthu anamwazikana, ena ku Bvumbwe, ena ku Nsabwe, ena ku Salisbury osabweranso. Otsalafe tinkakumana pachitsime chimodzi chakutali, ndipo panalibe mphamvu yokanganira.

Apongozi anayamba kumuthawa mwana wawo panjira. Akamuona akubwera, ankapatukira kutchire monga ankachitira ndi ine. Anthu osadziwa ankati ukalamba wawasokoneza, sakusiyanitsanso mwana ndi mkamwini. Ankasiyanitsa bwino lomwe. Kwa ine kalongonda ankabwerabe.

Anakhala zaka zitatu kuphiriko. Nsalu ndi nkhuku ndinali nditakonza, kudikira kuti anene, koma chifuwa chinawapeza msanga. Atatsala pang'ono, mkazi wanga anatuluka m'nyumba mwawo nandipeza ndikusema mpini. Anati amayi akuti muwauze bambo a ana kuti tsiku lija ndinatchera khutu, ndipo sindinamve dzina langa. Akuti mwana wanga anakwatiwa ndi munthu.

Manda awo ndinakumba nawo. Pansi pake panali mwala wokhawokha, ndipo tinathyola makasu.

Adzukulu anga amati ndinagulitsa mudzi chifukwa cha manyazi. Amati masiku ano munthu amalowa yekha m'kachipinda n'kuponya pepala m'bokosi, ndipo apongozi akanandisankha popanda wowaona. N'zoona. Koma bokosilo kunalibe, kunali mzere. Amandifunsa ngati ndikanaitana nditadziwa zotsatira zake. Ndimawauza kuti zotsatirazo ndinkazidziwa nditaima pomwepo m'matope. Sindinaitane, ndipo lero lomwe sindingaitane.

Chaka chatha anandikweza galimoto kukaona malowo. Nazale anaichotsa kalekale. Mtsinje umodzi anautseka, choncho si chilumbanso, ndi munda wa tiyi ngati ina yonse. Mwala ulipo. Kankhalango kalipo, kochepa kuposa kale. Ndinaima pamene ndikuganiza kuti panali mbawa, ndipo ndinawerenga, poti azungu anatiphunzitsa kuwerenga.

Nyumba makumi atatu ndi imodzi. Madimba onse, ndi ngalande zimene anakumba anthu othawa chikoti. Nthochi zosawerengeka, zimene ana ake anafera pamiyala mvula isanathe. Mbawa mmodzi, amene anacheka matabwa a khonde la mzungu. Kachisi mmodzi ndi bwalo limodzi la tchopa. Manda a agogo ndi ana atatu, amene mwini wake anakagona kutali nawo. Mlamu mmodzi, ngakhale anakhala ndi moyo mpaka imvi. Ndi mayi mmodzi amene anandisankha kusiya mwana wobala yekha, amene nkhope yake sindinaione, ndipo sindinamuuzepo ngakhale zikomo.